Mahedifoni, Nyimbo za Pafoni ndi Makutu a Mphunzitsi

Pepani kuti ndakhala chete nthawi yaitali. Teremu yathayi inali yotangwanitsa, ndipo mukudziwa nokha mmene zimakhalira: masana choko m'manja, usiku cholembera chofiira. Lero ndabwera ndi nkhani ya mahedifoni. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka, mukuti bamboyu nkhani zamuthera. Dikirani kaye mumve mmene zinandichitikira.

Tsiku lina chaka chathachi ndinali mu Fomu 3, kalasi ya ana opitirira 70. Ndinalemba samu ya Physics pabolodi n'kufunsa yankho. Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi zenera, mtsikana wina anakweza mkono. Ameneyu ndi mwana wamanyazi, ndipo chiyambire chaka anali asanakwezepo mkono ngakhale kamodzi. Ndinasangalala, ndinamuloza. Anayankha motsitsa mawu, ine ndinamva kuti "fifitini."

"Ayi, walakwa. Wina?"

Mnyamata wa kutsogolo anati "sikisitini," ine ndikuti wakhoza. Kalasi yonse inang'ung'udza. Mmodzi analimba mtima n'kunena kuti, "Sala, ndi zomwenso wayankha mnzathuyu." Ine ndinakana, ndinati ndamva bwinobwino ndi makutu angawa. Mtsikanayo anangowerama. Teremu yonseyo sanakwezenso mkono.

Madzulo ndinawafotokozera mayi a kunyumba, ndikuyembekeza kuti andiikira kumbuyo. Iwo anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, nkhani imeneyi ndinayamba liti kukuuzani? Wailesi mumakweza mpaka aneba amamvera nkhani kwathu kuno. Mukavala zinthu zanuzo m'makutu, nyimbo yanu ine ndimaimva ndili kukhitchini." Ndinakhumudwa, koma wakutsina khutu ndi mnansi.

Ine nyimbo ndinayamba kuzikonda kalekale. Kwathu kunali wailesi imodzi ya mabatire, ndipo bambo anga ankaisamala ngati khanda. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa kuti mwina atifikitse pa pulogalamu ya madzulo. Nditapita ku sekondale cha m'ma 1990, mnzathu wina m'chipinda chogona anali ndi Walkman yomwe achimwene ake anabwera nayo kuchokera ku Joni. Kampani ya Sony inatulutsa kachipangizoka mu 1979, koma kwa ife kanali kachilendo ngati katsika kumwamba dzulo. Tinkachita kulembetsa mayina kuti timvereko. Kaseti ya Lucius Banda kapena ya Lucky Dube tinkaibweza poizunguza ndi cholembera, kuopa kutha mabatire. Tsiku limene ndinavala mahedifoniwo koyamba ndinamva ngati oyimba alowa m'mutu mwanga. Chikondi chimenecho sichinathe mpaka lero.

Mafoni olowa memore kadi atafika, ndinaona ngati ndafika ku Kenani. Ndinkapita kwa anyamata oberna nyimbo pamsika, n'kuwauza kuti adzaze kadi yonse. Mahedifoni ndinkagula pabenchi, aja olembedwa mayina a makampani akuluakulu koma mtengo wake wofanana ndi wa mabanzi a sabata imodzi. Wogulitsa amati, "Orijino iyi bwana, besi yake ndi yoopsa." Ndimayesa pomwepo, pakati pa phokoso la msika, voliyumu mpaka kumapeto, ndipo amene alira kwambiri ndi amene ndimatenga. Pakatha miyezi iwiri mbali imodzi yafa, ndabwereranso. Ndikawerengera ndalama zomwe ndinataya pa zaka zonsezi, bwenzi nditagula abwino kangapo konse.

Tsiku lililonse ndimakwera minibasi popita ndi pobwera kuntchito. Injini ikulira, kondakitala akukuwa, dalaivala naye watsegula zake. Kuti ndimve nyimbo yanga ndinkakweza mpaka foni kundichenjeza kuti kumvera mokweza chonchi kungawononge makutu. Uthengawo ndinkauvomera osauwerenga, ngati mmene timasainira fomu ya ngongole. Usiku pochonga makope, maola awiri kapena atatu, mahedifoni ali m'khutu. Pogona makutu ankalira ngati nyenje m'mwezi wa Okutobala. Agogo anga ankati khutu likamalira ndiye kuti wina akukunena, ndiye ndinkangoti ana a Fomu 4 akundijeda.

Patapita masabata angapo chichitikireni za mtsikana uja, ndinapita kukayezetsa makutu. Anandilowetsa m'kachipinda kopanda phokoso, kundiveka mahedifoni, n'kundiuza kuti ndizidina batani ndikamva kaphokoso. Wondiyezayo anali mtsikana wa msinkhu wa ana amene ndinawaphunzitsa zaka zapitazo. Atatha anandionetsa pepala la girafu. Mzere unkayenda bwino, koma utafika pa 4,000 Hz unatsika ngati msewu wolowa m'dambo, makutu onse awiri.

"Bambo, mumagwira ntchito kuchigayo?"

"Ayi mayi, ndine mphunzitsi."

"Nanga phokoso limeneli mumalipeza kuti?"

Ndinatulutsa mahedifoni m'thumba n'kuwaika patebulo. Sanafunsenso china.

Zomwe anandifotokozera ndi zomwe ine ndimaphunzitsa ndekha, ndipo apa ndi pamene manyazi anandigwira. M'katikati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, ndipo m'menemo muli timaselo tokhala ndi titsitsi, pafupifupi 16,000 m'khutu lililonse. Timeneti ndi timene timasandutsa kunjenjemera kwa mpweya kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu likamatimenya nthawi yaitali timafa, ndipo kwa munthu tikafa sitimeranso. Toyamba kuonongeka kawirikawiri ndi tomvera mawu okwera, cha pa 4,000 Hz pomwepo. Tsono malembo ngati "s" ndi "f" amamvekera kumtunda komweko, pamene "a", "e", "o" amamvekera pansi. N'chifukwa chake munthu umamva kuti wina akulankhula, koma osasiyanitsa sikisitini ndi fifitini. Mwana uja anakhoza. Wolephera ndinali ine. Chosamva anachiphikira m'masamba.

Sanandiletse nyimbo, anangoti nditsitse. Koma nditayesa kutsitsa, nyimbo zanga zinkamveka zosakoma, ngati ndiwo zopanda mchere. Apa ndi pamene ndinazindikira kuti zaka zonsezi ndinkakweza voliyumu pofuna kubisa kuipa kwa zipangizo zanga. Ndiye ndinadzipatsa homuweki: ndingatani kuti nyimbo izikoma ili pansi? Nazi zomwe ndapeza, ndipo zambiri sizifuna ndalama.

Choyamba ndi fayilo yenyeniyo ya nyimbo. Nyimbo ya pa CD imayenda pa 1,411 kbps. MP3 imachepetsa kukula kumeneku potaya tizigawo ta mawu tomwe khutu silitizindikira msanga, ndipo ikafinyidwa kwambiri zotayidwazo zimachuluka. Masamu ake ndi osavuta, ngakhale wa Fomu 1 atha. Nyimbo ya mphindi 4 pa 128 kbps imakhala pafupifupi 3.8 MB. Pa 320 kbps imafika 9.6 MB. Pa 64 kbps ndi 1.9 MB yokha. Nditayang'ana mu kadi yanga ndinapeza nyimbo zambiri zosafika ndi 2 MB yomwe. Anyamata aja ankazifinya kuti zikwane zambiri, ndipo ine ndinkawayamikira chifukwa cha kuchulukako. Nyimbo yofinyidwa chonchi imadziwika: zinganga za ng'oma zimamveka ngati madzi akuthiridwa m'chiwaya chotentha, ndipo kwaya imamveka ngati ikuyimbira m'thanki. Chenjeraninso ndi mafayilo olembedwa 320 kbps koma ochokera ku fayilo yoipa kale. Zili ngati kujambula fotokope ya fotokope pa pepala lodula, zilembo zofufutika sizibwerera. Panopa ndimasunga nyimbo zochepa koma zomveka. Amene mumamvera kudzera pa intaneti, lowani m'masetingi a pulogalamu yanu, chifukwa ambiri amatsitsa dala ubwino wa mawu pofuna kusunga bandulo. Ndi bwino kukopera nyimbozo pa mlingo wapamwamba pamene mwapeza Wi-Fi, n'kumazimvera pambuyo pake.

Chachiwiri, ndipo kwa ine ichi ndiye chinasintha zonse, ndi mmene hedifoni ikukhalira m'khutu. Pali aja olimba amene amangotsamira pakhomo pa khutu, pali aja okhala ndi kalabala kofewa kolowa m'kati pang'ono, ndiye pali akuluakulu ophimba khutu lonse. Olimba aja amasiya mpata. Besi imathawira pampatapo, phokoso la kunja limalowera pomwepo, iwe n'kumakweza. A kalabala akatseka bwino, besi imabwera yokha ndipo injini ya minibasi imamveka patali. Timalabalato timakhala ta masaizi atatu, ndipo ambirife timataya tiwiri pamodzi ndi katoni osatiyesa n'komwe. Ine ndinapeza kuti khutu langa lamanja limafuna kapakati, lamanzere kakakulu. Njira yoyesera ndi iyi: valani osatsegula nyimbo, kenako lankhulani. Mawu anu akamveka olemera m'mutu ndipo phokoso la kunja latsika, ndiye kuti atseka. Muzichotsanso phula pa kasefa ka kutsogoloko ndi kabulashi kouma. Mahedifoni ambiri amene timati mbali imodzi yafooka amakhala kuti angotsekeka ndi phula la m'khutu.

Akuluakulu ophimba khutu lonse ndi abwino pochonga makope kunyumba, ngakhale kuti m'nyengo yotentha amatulutsa thukuta. Palinso aja ozimitsa phokoso, ndipo aphunzitsi a Physics awa ndi chitsanzo chabwino m'kalasi. Ali ndi timaikolofoni tomwe timamva phokoso la kunja, kenako amapanga funde lina lotsutsana nalo, pamene lina lakwera ili latsika, awiriwo n'kufafanizana. Amagwira bwino pa phokoso lapansi losasinthasintha ngati la injini, koma mawu a kondakitala amadutsabe. Mtengo wake ndi wosayenerana ndi malipiro athu, ndiye ine ndinangokhazikika pa a kalabala.

Chachitatu ndi nkhani ya waya kapena Bluetooth. Kuyambira pamene Apple inachotsa kabowo ka mahedifoni pa iPhone 7 mu 2016, makampani ena ambiri anatsatira, makamaka pa mafoni odula. Mwamwayi mafoni ambiri amene aphunzitsife timakwanitsa akadali nako kabowo ka 3.5 mm. Maganizo anga ndi akuti ngati ndalama zanu ndi zochepa, gulani a waya. Pa a Bluetooth ndalama yanu imagawika: ina yapita ku batire, ina ku kawailesi ka m'katimo, yotsala ndiye ya kasipika. Pa a waya pafupifupi yonse imapita ku mawu. Komanso a waya safuna kutchaja, ndipo magetsi akathima usiku wonse iwo alibe nazo kanthu. Bluetooth nayo imafinyanso nyimbo isanaitumize. Njira yomwe zipangizo zonse zili nayo imatchedwa SBC, ndipo pali zina monga AAC, aptX ndi LDAC, koma zimagwira pokhapokha foni ndi hedifoni zonse zikuidziwa njirayo. Sindikunena kuti Bluetooth ndi yoipa. A Bluetooth abwino amamveka bwino ndithu, ndipo mu minibasi kusiyanako simungakumve. Ndikungoti otchipitsitsa aja mabatire ake sachedwa kufa, ndipo akafa palibe chokonza. Amene foni yanu ilibe kabowo, pali kachingwe kolumikiza ku USB-C. Muyese pa foni yanu musanalipire, chifukwa si tonse timagwira pa foni iliyonse.

Chachinayi ndi equalizer, timizere tija tokweza ndi kutsitsa timene timapezeka m'masetingi a mawu kapena mu pulogalamu yoyimbira nyimbo. Ine ndinkakweza tonse mpaka kumwamba, ndikuganiza kuti ndikuwonjezera ubwino. Zotsatira zake mawu ankasweka, besi n'kumamveka ngati munthu akumenya katoni. Lamulo labwino ndi kutsitsa chomwe chachuluka m'malo mokweza chomwe chachepa. Ngati mawu a woyimba akumira, tsitsani pang'ono cha pa 200 kapena 250 Hz, muona akutuluka. Ngati nyimbo ikubaya m'khutu, tsitsani pang'ono timizere ta kumanja. Pali chinthu chimodzi chomwe akatswiri awiri, Fletcher ndi Munson, anaonetsa mu 1933: voliyumu ikatsika, khutu la munthu limayamba kutaya besi msanga kuposa mawu apakati. Ndiye ngati mukumvera motsitsa, kukweza besi pang'ono pokha si tchimo, kumathandiza kuti musakhumbire kukweza zonse. Yang'ananinso kuti foni yanu sinaikidwe pa mono, ndiponso kuti mawu sanapendekere mbali imodzi. Zimenezi zimabisala m'masetingi othandiza anthu olumala, ndipo ana akamaseweretsa foni amazisintha osadziwa.

Pokagula, tengani foni yanu yomwe ndi nyimbo zitatu zimene mumazidziwa ngati dzina lanu: ina ya kwaya, ina ya gitala kapena banjo, ina ya ng'oma ndi besi. Ikani voliyumu pakati, osapitirira. Mverani ngati mukutha kulekanitsa mawu a amayi ndi a abambo mu kwaya, ndiponso ngati besi ikuyimba manotsi osiyanasiyana kapena ikungogunda malo amodzi. Gwedezani waya pafupi ndi pulagi, mumve ngati sakuthetheka. Zolembedwa pakatoni musazikhulupirire kwambiri. Pafupifupi onse amalemba 20 Hz mpaka 20,000 Hz chifukwa ndiwo malire a khutu la munthu wachinyamata, koma sizikuuzani kanthu za kukoma kwake. Nambala yothandizako ndi ya ma ohm: pakati pa 16 ndi 32 foni imawakwanitsa bwino. Ndipo dzina lalikulu pa mtengo wa mabanzi likuchenjezeni. Bola kampani yosatchuka yomwe yalemba dzina lake lenileni.

Chachisanu ndi voliyumu, ndipo apa ndikupemphani muwerenge mofatsa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu atha kumvera pa madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata, ndipo kwa ana mlingo wake ndi madesibelo 75. Kucheza wamba kumakhala cha pa 60. Vuto ndi loti madesibelo sayenda ngati masentimita pa rula. Mukawonjezera 3 okha, mphamvu ya phokoso yawirikiza kawiri, ndipo nthawi yololedwa yatsika ndi theka. Pa 83 ndi maola 20. Pa 86 ndi maola 10. Pa 89 ndi maola 5. Mukafika pa 100 mwatsala ndi mphindi 20 zokha pa sabata yonse, ndipo mafoni ambiri ndi mahedifoni ake amatha kufika pamenepo mukakweza mpaka kumapeto. Ine ndinkamaliza gawo langa la sabata Lolemba m'mawa ndisanafike n'komwe pa geti ya sukulu. Mu 2015 bungwe lomweli linachenjeza kuti achinyamata okwana 1.1 biliyoni padziko lonse ali pa chiopsezo chotaya kumva chifukwa cha kamvedwe kotereka. Ana athu a m'kalasi ali m'gulu lomwelo.

Popeza palibe amene amayenda ndi choyezera madesibelo, ine ndimatsata zinthu zitatu. Voliyumu isapitirire magawo 60 pa 100, ndipo pakatha ola ndimavula kuti makutu apume. Munthu amene wakhala pafupi nane akamva nyimbo yanga, ndiye kuti ndakweza. Makutu akalira ndikavula, ndiye kuti tsiku limenelo ndalakwitsa. Ndiwonjezepo china: a kalabala otseka bwino aja musavale poyenda mumsewu. Njinga zamoto za kabaza zachuluka, ndipo hutala yomwe simunaimve siikuthandizani.

Mtsikana uja ndinamupepesa pamaso pa kalasi yonse. Ndinawauza anawo kuti tsiku lija mnzawo anakhoza, ndipo ndinawaonetsa pepala langa la girafu. Linasanduka phunziro la mafunde a mawu labwino kuposa onse amene ndinaphunzitsapo, chifukwa palibe anagona. Nditafunsa kuti ndi angati makutu awo amalira usiku akavula mahedifoni, manja anakwera ambiri kuposa mmene ndinkayembekezera. Zinatenga masabata ena angapo kuti mwanayo akwezenso mkono. Masiku ano sindiimanso pabolodi pokha. Mwana wa kumbuyo akamayankha ndimapita pafupi, ndipo ngati sindinamve ndimanena kuti abwereze, vuto ndi langa.

Zomwe zinatayika m'makutu mwanga sizibwerera. Nyenje ija imalirabe usiku kukakhala zii. Koma Loweruka lapitali ndinakhala pakhonde ndi mahedifoni anga atsopano, voliyumu ili pansi pa theka, n'kumamvera malemu Allan Namoko ndi Chimvu River Jazz Band. Nyimbo zimenezi ndazimva kuyambira ndili mwana, koma ndinamva zala zikukhudza nsambo za banjo, ndiponso woyimba akukoka mpweya asanayambe mzere. Bambo amene uja anali wosaona, ndipo zonse ankazichita ndi makutu. Ine amene ndinapatsidwa maso ndi makutu omwe ndinatsala pang'ono kuwononga chimodzi chifukwa cha besi ya pabenchi.

Aphunzitsi anzanga, tikagwira mwana ndi mahedifoni timangolanda n'kutsekera mu kabati ya ahedi. Tiziwauzanso chifukwa chake. Pa 3 Malichi chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira za kumva padziko lonse, ndipo mphindi khumi pa asembule zingakwane. Inunso ana anga akale, makamaka amene mumagwira kuchigayo, kowotcherera zitsulo, kapena mumaimba kiyibodi kutchalitchi mutatsamira sipika, kayezetseni. Ku Blantyre chipatala cha Queen Elizabeth chili ndi gawo loyeza makutu, ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic. Kuyezako sikupweteka ndipo sikutenga nthawi.

Tsono amene ndinakuphunzitsani zaka zaposachedwapa, ngati ndinakuuzanipo kuti mwalakwa pamene munakhoza, pepani ndithu. Tikakumana mumsewu mundikumbutse, koma mulankhule mokweza pang'ono.